Tsiku Limene Amayi a Zosapsa Anagumula Khoma la a Telala

Mumsewu wathu, kuseri kwa malo ogulitsira matabwa, muli bwalo lotchingidwa ndi malata akale. M'bwalomo muli chisakasa chosungiramo makina oumbira njerwa, mulu wa dothi losefa, migolo ya madzi, ndi mizere ya njerwa zofunditsidwa pulasitiki wakuda. Woyang'anira bwalolo ndi mayi wachikulire, wamfupi, wa mapewa otambalala, amene anthu onse amawatchula kuti Amayi a Zosapsa. Ine ndine kalipentala, ndipo ndimakhoma mafelemu ndi madenga pa nyumba zimene gulu lawo limamanga. Zimene ndilembe pano, zambiri ndinaziona ndi maso, zina anandifotokozera eni ake.

Dzina lawoli poyamba silinali laulemu. Anawapatsa ndi anthu owotcha njerwa pofuna kuwanyoza, chifukwa njerwa za amayiwa sizilowa pamoto. Iwo atalimva sanakwiye. Anagula penti ndi kulemba dzinalo pageti la bwalo ndi zilembo zikuluzikulu.

Amayiwa anakulira pa mauvuni a njerwa. Bambo awo anali woumba, ndipo iwo ali mtsikana ankatunga madzi opondera dothi ndi kuyala njerwa zaziwisi padzuwa. Anakwatiwa ndi mwamuna wowotcha njerwa, munthu wofatsa amene ankadziwa kusonkhezera moto mpaka uvuni wonse kufiira. Utsi womwewo ndi umene unawononga chifuwa cha bamboyo, ndipo anamwalira ana ali pasukulu. Amayiwa amanena kuti pa utsikana wawo nkhuni zinkadulidwa paphiri loonekera pakhomo. Atakwatiwa zinkabwera pangolo. Pamene amuna awo ankamwalira, zinali zikubwera pa lole kuchokera kumadera amene iwo sanapondeko.

"Tinawotcha phiri lathu lonse," amatero, "kenako tinayamba kuwotcha mapiri a eni ake."

Patapita nthawi kunabwera bungwe lina lophunzitsa anthu kuumba njerwa zosawotcha. Kaumbidwe kake nkoyenera kukafotokoza, chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepa. Dothi limasefedwa, limasakanizidwa ndi simenti pang'ono ndi madzi ochepa, kenako limathiridwa m'makina ndi kupanikizidwa mwamphamvu ndi mkono wachitsulo. Njerwa ikatuluka siyanikidwa padzuwa. Imafunditsidwa pulasitiki ndi kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa masabata angapo, popeza simenti imalimba ndi chinyezi. Ikauma msanga, kunja imaoneka yabwino ndithu, koma mkati mwake imakhala dothi wamba.

Pa nthawi ya maphunziro bwalo linkadzaza, chifukwa kunali chakudya chamasana ndi malaya olembedwa dzina la bungwe. Ntchito ya bungwelo itatha, linasiya makina ndi malonjezo, ndipo anthu anabalalika ngati mmene anabwerera. Anatsala amayiwa, amayi angapo osefa dothi, amuna awiri okoka mkono wa makina, ndi mmisiri womanga wotchedwa a Levulo, chifukwa levulo, chipangizo choyezera kuwongoka kwa khoma, sichichoka m'manja mwawo ngakhale pamaliro. Kwa zaka ndithu gululi linkapeza tintchito tating'ono: chimbudzi apa, khitchini apo, mpanda wa nkhuku. Anthu ankati sangagone m'nyumba ya zidina ngati osauka. Amayiwa ankayankha kuti zawo si zidina, koma palibe ankamva.

Mkati mwa zaka zimenezo m'gululo munalowa mlamu wawo, mkulu wa malemu amuna awo, wotchedwa a Chiutsi. Bamboyu anawotcha njerwa moyo wake wonse ndipo anali ndi mbiri pantchitoyo. Anasiya pamene nkhuni zinavuta ndi mawondo anayamba kukana kukwera pamwamba pa uvuni. Anali wakhama ndi wokhulupirika, koma nkhani yothirira njerwa sinkawalowa m'mutu. Ankanyamula ndowa akung'ung'udza kuti pa ukalamba wawo asanduka wolima dimba.

Ntchito yoyamba yaikulu inachokera kwa a Telala. Bamboyu ankasokera pakhonde la sitolo ya munthu wina, pamene mvula ikamagwa ndi mphepo inkanyowetsa nsalu za anthu. Anapeza malo m'mbali mwa msewu waukulu ndipo anafuna kumangapo chipinda chosokera ndi china chogona kumbuyo. Anasankha njerwa za amayiwa chifukwa anamva kuti nyumba yake imazizira bwino mkati ndiponso sifuna pulasitala. Ananenetsa chinthu chimodzi: alowemo mvula isanayambe, kuti ntchito ya mayunifolomu yapotsegulira sukulu idzawapeze ali m'nyumba yawoyawo.

Aliyense m'gululo ankadziwa kulemera kwa ntchito imeneyi. Inali nyumba yawo yoyamba yoyang'ana kumsewu, pamene tauni yonse imadutsa. Ikanaima bwino, anthu akanayamba kubwera. Ikanalephereka, panalibe chifukwa chotsegulanso geti la bwalo lija.

Maziko anakumbidwa, ndipo a Levulo anamanga mizere yoyambirira ndi njerwa zimene zinali zitakhwima kale m'bwalo. Zina zambiri zinali zitangoumbidwa kumene, zili pansi pa pulasitiki. Ndi nthawi imeneyo pamene uthenga unafika wakuti mwana wamkazi wa amayiwa, wokwatiwa kutali, wachira movutikira ndipo akufuna mayi ake. Iwo anamanga kachikwama, nadutsira kubwalo kukatsanzika.

"Alamu, njerwa izi musazivundukule. Kuthirira kokha, m'mawa ndi madzulo."

"Alamu," anayankha a Chiutsi, "ine ndinayamba kuumba njerwa inu mukuyamwa. Pitani mukaone mdzukulu."

Amayiwa anakhalitsa kumeneko kuposa mmene ankaganizira, chifukwa mwana wawo anachedwa kupeza mphamvu. Kuno a Telala ankafika kubwalo tsiku ndi tsiku, tepi ili m'khosi, akuloza kumwamba ndi kufunsa ngati anthu ogwira ntchito pabwalopo alibe maso oonera mitambo. A Levulo nawo anali atakhala pansi, njerwa zokhwima zitatha.

Tsiku lina a Chiutsi anatukula pulasitiki ndi kugwira njerwa imodzi. Inali yozizira ndi yachinyezi, madontho ali mbuu kunsi kwa pulasitikiyo. Manja awo ankadziwa chinthu chimodzi kuyambira ubwana: njerwa yonyowa ndi yofooka, ndipo mankhwala ake ndi dzuwa. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo, likungowonongeka. Anachotsa pulasitiki yense, namupinda bwinobwino. Njerwa anaziimika chammbali, motalikirana kuti mphepo izidutsa, ndipo ankazitembenuza masana mosamala ngati mmene ankachitira ndi njerwa zopita ku uvuni. Mayi mmodzi wosefa dothi anayesa kulankhula.

"Abambo, paja amayi anati tisavundukule."

"Amayi ako anati nyumba ithe mvula isanagwe. Ukufuna tikamange ndi phala?"

Mayiyo anabwerera kukasefa dothi, popeza a Chiutsi anali wamkulu kwa onse. Bamboyo sanachite zimenezi mwaulesi kapena mwachinyengo. Anagwira ntchito yambiri kuposa yothirira, ndipo ankanyadira kuti mlamu wawo adzapeza khoma litakwera. Njerwa zinauma mofulumira, zinayera bwino, ndipo a Levulo anamanga nazo mpaka pamawindo. Ine ndinali nditaimika kale mafelemu.

Amayiwa atabwerako sanayambe apita kunyumba. Anatsika basi ndi kulowera kubwalo, chikwama chili pamutu. Atatsegula geti anaona pulasitiki wopindidwa, ataikidwa pamwamba pa mgolo, ndipo mgolowo unali wodzaza ndi madzi a ndere. Sanafunse kanthu kwa munthu. Anatembenuka ndi kulunjika ku nyumba ya a Telala, ife tikuwatsata pambuyo.

Khoma linali lokongola, zimenezi sindingabise. Mizere inali yowongoka ndipo ngodya zinali zakuthwa. Amayiwa anatula chikwama, napaka chala chachikulu pangodya ya njerwa ina. Fumbi linayoyoka. Anatenga ndowa ya a Levulo ndi kuthira madzi pakhoma, ndipo madziwo anatsika ali ofiira.

"Alamu, mwaziyanika?"

"Ndaziumitsa," anatero a Chiutsi. "Onani pamene tafika."

"Ndaona."

Tinakhala pansi pamthunzi wa khoma lomwelo. A Levulo ndi amene anayamba kulankhula, ndipo maganizo awo sanali opusa. Anati tipake pulasitala wolimba kunja ndi mkati, ine ndikhome denga lotuluka kwambiri kuti mvula isamamenye khoma, ndipo nyumbayo ikhoza kukhala zaka ndithu popanda wodziwa kanthu. A Telala alowa pa nthawi yake, gulu lipeza mbiri yabwino, ndipo ntchito zotsatira tidzazigwira mosamala.

"Zaka zingati, a Levulo?" anafunsa amayiwa.

"Ine si mneneri, amayi."

"Chipinda chakumbuyocho muzigona ana awo. Inu mungagoneke anu mmenemo?"

A Levulo anayang'ana kumbali. Mmodzi wa amuna okoka makina anati msana wake unathyokera pa njerwa zimenezi, ndipo sangakokenso kachiwiri ntchito imodzi yomweyo. Apa a Chiutsi anaphulika.

"Koma njerwa yoopa dzuwa ndi njerwa yanji? Chiyambire dziko njerwa imayanikidwa!"

"Ndipo chiyambire dziko imapita pamoto ikauma, alamu. Izi moto wake ndi madzi. Mwazichotsa pamoto zisanapse."

Ndikhulupirira kuti aka kanali koyamba kuti nkhaniyi iwalowe a Chiutsi.

A Levulo ataona kuti pulasitala wakanidwa, anapempha chinthu china. Anati ngati kuli kugumula, titchinge kaye ndi mphasa, tigumule mwakachetechete, ndipo ofunsa tiziwauza kuti mwininyumba wasintha pulani. Amayiwa anakananso. Anati anthu akaona mphasa adzadzipangira okha nkhani, ndipo nkhani yake idzakhala yakuti njerwa zosawotcha zagwa zokha. Iwo ankafuna msewu wonse udziwe chimene chinalakwika ndi chimene sichinalakwike.

Madzulo a tsiku lomwelo anapita kukhonde kumene a Telala ankasokera, ndipo anandipempha kuti ndiwaperekeze. A Telala anamvetsera phazi lili pa chopondera makina. Amayiwa atamaliza kufotokoza ndi kupepesa, bamboyo anavula magalasi.

"Amayi, ndani anakufunsani? Mukanapaka pulasitala wanuyo, ine ndikanadziwa?"

"Mukanadziwa, bambo, koma makina anu ali pansi pa khoma."

"Ndiye ndizisokera pati mvula ikayamba? Pamutu panu? Anthu anandichenjeza ine. Akazi anga anandichenjeza. Mwini uvuni wakumunsi uja anandiuza kuti tsiku lililonse ndikafuna, lole ya njerwa zenizeni ifika m'mawa mwake."

"Mukafuna kuitanitsa, itanitsani. Sindingakuletseni."

"Ndipo khoma limenelo musalikhudze mpaka nditaganiza bwino. Ndi langa."

Amayiwa anaimirira ndi kukonza mpango wawo.

"Malowo ndi anu, bambo. Njerwazo ndi zanga, ndipo mawa ndikukazichotsa. Kaya mutipatsanso ntchitoyi kaya mupatsa ena, sindisiya chinthu chimene chija chitaima m'dzina langa."

M'mawa mwake, nthawi imene anthu amapita kuntchito ndi kumsika, ine ndinazula mafelemu anga ndi kuwaika pambali. A Levulo sanabwere. Anatumiza mawu akuti sangaonerere ntchito ya manja awo ikugwetsedwa ngati ya wakuba. Amayiwa anamanga chitenje m'chiuno, natenga piki, nakwera pamgolo. Atamenya koyamba, njerwa zingapo zinagwera mkati ndi kuphwanyika ngati zigulumwa za m'munda.

Anthu anayamba kuima. Okwera njinga anatsika, amayi a madengu anatula. Posakhalitsa panaima lole ya mwini uvuni wakumunsi, anyamata ake atakhala pamwamba pa njerwa zofiira. A Telala anali atamuitana ndithu, ndipo iwonso anafika naima chapatali, manja ali kumbuyo.

"Amayi a Zosapsa!" anafuula mmodzi wa pa lolepo. "Mwapakula zosapsa lero! Tikubwerekeni machesi?"

"Sungani, mwanawe," anayankha amayiwa osatembenuka. "Mudzayatsire mtengo womaliza."

"Mumamanga Lolemba n'kugumula Lachiwiri? Ntchito siingakuthereni inu!"

"Zanu zikamagwa simukhalapo. Mumamva pamaliro."

Anthu anaseka, ena kuseka amayiwa, ena kuseka anyamatawo. Amayiwa anapuma pang'ono, nayang'ana khamulo ndi kulankhula mokweza. Anati njerwa zimenezi zinayanikidwa padzuwa m'malo mothiriridwa, ndipo n'chifukwa chake akuzichotsa. Anati cholakwacho chinachitikira m'bwalo lawo, ndipo mwini bwalo ndi iwo. Sanatchule dzina la munthu.

Mwini uvuni anaona a Chiutsi ataima kumbali, chipewa chili m'manja. Anali anzawo akale, ndipo anawaitana mwachifundo chonyoza.

"A Chiutsi, madala, mukutani kumeneko? Munthu wa moto ngati inu kumathirira njerwa ngati maluwa? Kwerani lole tizipita, malo anu alipo."

A Chiutsi anavala chipewa, nayenda pang'onopang'ono mpaka pamgolo paja.

"Alamu, tsikani. Patseni pikiyo." Kenako anatembenukira kukhamu kuja. "Ndinaziyanika ndine. Anandiuza, sindinamve. Amene akufuna kuseka aseke ine."

Anagumula ndi mphamvu zimene sitinkadziwa kuti akadali nazo. Fumbi linakwera mpaka ogulitsa zinthu m'mbali mwa msewu anayamba kudandaula. Khoma linatsika mzere ndi mzere mpaka linafika cha m'mawondo, pamene panathera njerwa zoyanikidwa ndi kuyamba zija zinakhwima pansi pa pulasitiki. Pamenepo piki inadumpha ndi kulira, ndipo a Chiutsi anadzigwira padzanja ndi ululu. Anamenyanso, ndipo panangochoka kachibenthu.

"Basi, alamu," anatero amayiwa. "Zathu zayambira pamenepo."

Sindinganene kuti a Telala anatembenuka mtima chifukwa cha zimenezi, pakuti sizinali choncho. Chimene chinawaimitsa ndi mawu a mwini uvuni, amene atayeza ndi dzanja anati njerwa zake ndi zazing'ono ndipo sizingakhale bwino pamwamba pa zimenezi. Anati pafunika kuchotsa zonse mpaka pamaziko, kuyambiranso, ndi kupaka pulasitala pomaliza. A Telala anaona kuti njira zonse ziwiri mvula iwapeza panja. Anayandikira amayiwa nkhope ili gwa.

"Ndiyankheni funso langa ladzulo. Ndizisokera pati?"

Amayiwa anapukuta fumbi kumaso.

"M'chisakasa chathu. Sichidontha, ndipo chili ndi chitseko. Makina athu tiwatulutsa panja."

"Ndiye kuti ndizikuonani tsiku lililonse?"

"Inde, bambo. Ndipo mudzaona njerwa yanu iliyonse ikuumbidwa."

A Telala anayang'ana lole, nayang'ana khoma lotsala lija. Anauza mwini uvuni kuti apite kaye, adzamuitana akamufuna. Kwa amayiwa anati ichi si chikhululuko, koma kusowa pogwira.

Masabata otsatira anali owawa. Mwamuna uja anadandaula za msana anachoka, ndipo mayi mmodzi wosefa dothi anapita kukagulitsa makala. Zigumukire za khoma tinazituta pa wilibala, tinaziphwanya ndi kuzisefanso. Simenti yatsopano inachokera kunyumba kwa amayiwa, matumba amene ankasunga kuti adzakonzere pansi pa chipinda chawo chogona, chimene mpaka lero n'chozira ndi dothi. Pa mkono wa makina panasowa munthu, choncho amayiwa ankakoka okha mosinthana ndi mwamuna wotsalayo, ndipo ine ndinkathandiza ndikaweruka.

Ena m'gululo ankayembekezera kuti a Chiutsi achotsedwa, ndipo iwo eni anafunsa ngati abwerenso.

"Ndikuchotseni kuti ndibweretse wina wodzavundukulanso?" anatero amayiwa. "Inu simudzabwerezanso. Ndowa ndi iyo."

Kuyambira pamenepo ntchito yothirira inakhala yawo, ndipo anaigwira mwaukali. Anapsinja pulasitiki ndi miyala mbali zonse, ndipo munthu woyandikira mizereyo ankafunsidwa chimene akufuna.

A Telala anakhazika makina awo osokera m'chisakasa, pafupi ndi khomo, pamene ankaona bwalo lonse. Ankasoka akudandaula. Fumbi linkadetsa nsalu, makasitomala ankasochera pofuna bwalolo, ndipo ena ankabwerera pageti ataona matope. Mitambo itayamba kuda, anapita okha kukatukula ngodya ya pulasitiki.

"Izi zauma kale izi. Bwanji osayamba kumanga?"

"Siyani pulasitikiyo, a Telala!" anakuwa a Chiutsi kuchokera kumigolo. "Ine ndimabwera kudzagwira lumo lanu?"

"Inuyo ndi amene munatifikitsa pano!"

"N'chifukwa chake ndikukuuzani!"

Njerwa zitakhwima, mmisiri panalibe, popeza a Levulo anali atapeza ntchito kwina. Amayiwa anakoka chingwe okha ndi kuyamba kumanga, pang'onopang'ono, monga munthu amene anaonera ntchitoyo zaka zambiri koma osaigwira. Atamanga mizere ingapo, m'mawa wina a Levulo anadutsa pamsewu. Anaima, napendeketsa mutu, nayenda pang'ono, nabwereranso.

"Amayi, ngodya iyo ikupita kuti? Kumsika?"

"Ikupita kumene mmisiri wake anapita."

"Anthu aziti ndamanga ndine zimenezi. Tsikani, mukundiwonongera dzina."

Anachotsa mizere iwiri ya amayiwa, namanganso, ndipo za kuchoka kwawo sizinakambidwenso.

Mvula inatipeza khoma lili pamwamba pa mawindo, denga kulibe. Inagwa yamphamvu, yamphepo, masana dzuwa litangobisika. Tinathamanga kukafunditsa pamwamba pa makoma, koma m'mbali monse munamenyedwa ndi madzi mpaka madzulo. Anthu ena anabisala pakhonde la sitolo yoyang'anana nafe, ndipo sindikayika kuti ankadikira kuona khoma likusungunuka. Amayiwa anaima pamvula, manja ali m'chiuno, akuyang'ana anthuwo m'malo moyang'ana khoma. Madzi otsika pakhomalo anali oyera. Mvula itakata, anthu aja anabalalika.

Tinamanga m'masiku amene kunkacha bwino, ndipo ndinakhoma denga sukulu zitatsegulidwa kale. Ntchito yambiri ya mayunifolomu chaka chimenecho inapita kwa telala wina wa kumsika. Zimenezi a Telala sanaziiwale, ndipo sindikuona chifukwa chowauzira kuti aiwale.

Tsiku losamuka, tinanyamula makina awo osokera pa wilibala mpaka m'nyumba yatsopano. Iwo anayendera zipinda zonse ziwiri, akugogoda makoma ndi lumo. Amayiwa anaima pakhomo.

"Mwandichedwetsa, amayi."

"Inde, bambo."

"Simupepesa?"

"Ndinapepesa tsiku lija pakhonde. Lero ndabwera kudzatenga kiyi wa chisakasa changa."

A Telala anafufuza m'thumba, napereka kiyiyo. Amayiwa atatembenuka kuti azipita, bamboyo analankhulanso akuyang'ana ulusi umene ankalowetsa m'singano.

"Mlongo wa akazi anga akufuna kumanga nyumba ya zipinda zitatu. Anandifunsa za inu. Ndamuuza kuti ndinu munthu wovuta, wosamva za eni malo, ndipo adzalowa mochedwa."

"Mwamuuza zoona. Ndiye wati chiyani?"

"Wati abwera Loweruka kudzaona dothi."

"Abwere ndi nsapato zakale," anatero amayiwa. "Kubwalo kuli matope."

Anatuluka ndi kuitana a Chiutsi ndi a Levulo kuti akathandizane kubwezera makina m'chisakasa mvula yamadzulo isanagwe.